Kuŵaŵa kwa Msana ndi Jekeseni wa m'Mfundo ya Chiuno



Nkhani ya lero yachokera m'kalata. Bambo wina wa m'boma la Dedza watilembera za mai a kunyumba kwao, amene akhala akulira msana kwa zaka 2 tsopano, chibadwire mwana wao wachisanu. Akuti ululuwo uli mbali imodzi yokha, kumanja, m'munsi mwa chiuno, ndipo umatsikira m'thako mpaka kuntchafu. Kukhala pansi nthaŵi yaitali sakutha, kudzuka pamphasa amachita kugwira khoma, ndipo kukwera chitunda ndi mtsuko pamutu adaleka kale. Mphini adatemera, mapiritsi amwa osaŵerengeka, jekeseni wa pathako abayitsa kangapo. Tsono mlongo wao wa maiwo, amene ali pa ntchito ku Johannesburg, watumiza mau akuti kumeneko kuli madokotala obaya jekeseni m'kati mwenimweni mwa mfundo ya chiuno, ndipo ululu umatheratu. Funso la bamboyo nali: "Kodi ndigulitse ng'ombe zanga ziŵiri kuti maiŵa apite?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanatsekule khola, pakuti akulu adati safunsa adadya phula. Jekeseni akunenedwayo alipodi, si nthano ai. Koma ntchito yake yoyamba si imene ambiri amaganiza. Madokotala amabaya jekeseni ameneyu makamaka pofuna kudziŵa kumene ululu ukuchokera. Kuchiza kumadza pambuyo, ndiponso kuchizako n'kwa kanthaŵi. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe tadziŵa mfundo tikunenayi.

Imirirani ngati mungathe, mugwire m'chiuno, zala zazikulu zili kumbuyo. Mukhudza timafupa tiŵiri totumphuka, kena kumanja kena kumanzere, pamene anthu ena ali ndi timaenje tiŵiri pakhungu. Pansi pa malo amenewo mpamene pali mfundoyo. Msana wa munthu ndi timafupa tosanjikizana, ndipo kumunsi kwake kuli fupa limodzi lalikulu, lotambalala kumwamba, losongoka kumunsi, limene lidapangika pamene timafupa 5 tidagwirana kukhala chinthu chimodzi. Fupa limeneli pa Chingerezi amati sacrum. Lidaloŵa pakati pa mafupa aŵiri aakulu a chiuno otchedwa ilium, ndipo pokumana pakepo, uku ndi uku, ndiye mfundo ya sacroiliac. Kulemera konse kwa mutu, mikono ndi chifuwa, pamodzi ndi mtolo wa nkhuni umene wasenzedwa ndi mwana amene waberekedwa, kumadzera pa mfundo ziŵirizi kuti kufike ku miyendo.

Si mfundo yonga bondo kapena chigongono. Idamangidwa ndi mitsempha yolimba ngati luzi laliŵisi, kotero kuti imasuntha pang'ono zedi, osapitirira mamilimita 2 kapena 3. Komabe pa nthaŵi imene mai ali woyembekezera, thupi limatulutsa timadzi tofeŵetsa mitsempha imeneyi kuti chiuno chipereke njira kwa mwana. Amai ambiri amachira okha ikapita miyezi yoŵerengeka, koma ena mfundoyo imatsala yolobodoka ndi yoŵaŵa. Ena amavulala pogwera pathako kuchokera panjinga kapena pamtengo, ena pa ngozi ya galimoto, ena chifukwa mwendo wina ngwaufupi, enanso atachitidwa opaleshoni yomanga pamodzi mafupa a m'munsi mwa msana. Palinso nyamakazi imene imayambira pa mfundo yomweyi, makamaka mwa achinyamata, imene chizindikiro chake ndi kuuma msana m'mamaŵa, kumene kumachepa munthu akayamba kuyenda.

Mbiri ya mfundo imeneyi njophunzitsa. M'chaka cha 1905, madokotala aŵiri a ku Boston, Joel Goldthwait ndi Robert Osgood, adalemba kuti kuŵaŵa kwa msana kungathe kuchokera pa mfundo ya sacroiliac, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 madokotala ambiri ankaloza chala pomwepo. Koma mu 1934, mumzinda womwewo, William Mixter ndi Joseph Barr adaonetsa kuti kachinthu kofeŵa kokhala pakati pa timafupa ta msana, kotchedwa disc, kangathe kuphulika ndi kupana mtsempha wopita kumwendo. Maso onse adatembenukira kumeneko, mfundo yathu ija nkuiŵalika kwa zaka zambiri. Idakumbukikanso m'zaka za m'ma 1990, ndipo chimene chidaibwezera pabwalo ndi jekeseni yemweyu. Mu 1995, madokotala a ku Australia ndi ku America, Schwarzer, Aprill ndi Bogduk, adabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mfundoyi mwa odwala 43, ndipo 13 mwa iwo ululu udaŵachoka. Masiku ano akatswiri amati mwa anthu 100 alionse odwala msana wa m'munsi kwa nthaŵi yaitali, pakati pa 15 ndi 30 ululu wao umachokera pa mfundo imeneyi. Chiŵerengero chimenechi chimveni mbali zonse ziŵiri. Chikunena kuti vutoli si lachilendo, komanso chikunena kuti odwala msana ochuluka vuto lao lili pena, ndipo jekeseni wa pa mfundoyi sangaŵathandize kanthu.

Nanga dokotala angadziŵe bwanji kuti wodwala uyu ali m'gulu liti? Apa mpamene pagona nkhani. Ambirife timakhulupirira kuti chithunzi cha ekisire chimaulula zonse, koma pa mfundo imeneyi chithunzi chimanamiza. Agogo ambiri amene sadaŵaŵepo m'chiuno, mutaŵajambula, mupeza mfundo zao zili zoperepeseka ndi ukalamba. Mai amene akulephera kudzuka ndi ululu, mutamjambula, nthaŵi zambiri mfundo yake ioneka yabwinobwino. Ngakhale makina aakulu a CT ndi MRI amathandiza kuona kutupa, mafinya kapena chotupa, koma sangaone ululu.

Choncho dokotala amayamba ndi makutu ndi manja ake. Amauza wodwala kuti aloze ndi chala chimodzi pamene pakuŵaŵa. Wodwala mfundo imeneyi kaŵirikaŵiri saseŵeretsa dzanja pamsana ponse, amaika chala pafupi ndi kafupa kotumphuka kaja, ndipo mukamfunsanso amalozanso pomwepo. Njira imeneyi adailongosola dokotala wa ku America, Joseph Fortin, mu 1997. Kenaka wodwala amagona pabedi, dokotala namakanikiza chiuno m'njira zosiyanasiyana: kutsendera mafupa a chiuno wodwala atagona chagada, kuŵapanikiza atagona chammbali, kukankha ntchafu bondo litapindidwa, kusindikiza fupa la pakati lija atagona chafufumimba. Katswiri wa ku New Zealand, Mark Laslett, adaonetsa mu 2005 kuti kuyesa kumodzi kokha sikudalirika, koma ngati njira zitatu kapena kuposerapo zautsa ululu womwe uja wa masiku onse, pamenepo mpoyenera kuikayikira mfundoyo. Onani kuti zonsezi sizilira makina, sizilira magetsi, sizilira ulendo wa kunja.

Kukayikira kukakula, ndiye nthaŵi ya jekeseni. Nzeru yake njapafupi. Taganizani za munthu amene akumva dzino kuŵaŵa koma sakudziŵa kuti ndi liti. Mutachititsa dzanzi dzino limodzi ululu nkuleka, mwapeza lolakwa. Chimodzimodzi pano. Wodwala amagona chafufumimba, khungu limatsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo dokotala amaloŵetsa singano yaitali, yopyapyala, cha kumunsi kwa mfundoyo, akuyang'ana pa makina a ekisire oonetsa chithunzi nthaŵi yomweyo, otchedwa fluoroscope. Ena amagwiritsa ntchito CT, ena ultrasound. Singano ikafika, amathira kadontho ka mankhwala ooneka pa chithunzi, kuti atsimikize kuti ali m'katidi. Pamenepo ndipo amathira mankhwala a dzanzi, lignocaine kapena bupivacaine. Mfundoyi njothina, imalandira mamililita 1 kapena 2 okha, osafika ngakhale theka la supuni yaing'ono ya tiyi. Ntchito yonse siposa theka la ola, ndipo wodwala amabwerera kwao tsiku lomwelo.

Chofunika kwambiri chimachitika singano itatuluka. Wodwala amauzidwa kuti ayende, akhale pampando, akwere masitepe, achite zomwe zija zimamuŵaŵitsa, ndipo alembe kapena anene kuti ululu wachepa motani pa ola lililonse. Madokotala ambiri amafuna kuti magawo atatu mwa magawo anai a ululu achoke pa nthaŵi imene mankhwala akugwira ntchito. Maola angapo akapita, dzanzi limatha, ululu nkubwerera. Wodwala amene sadauzidwe bwino amakhumudwa, amati jekeseni walephera. Sadalephere ai, wayankha funso limene adatumidwa.

Koma ngakhale yankho limeneli lili ndi kaphindi kake. Munthu amene wayenda ulendo wautali, walipira ndalama zambiri, waona makina aakulu ndi anamwino ovala zoyera, mtima wake umayembekeza kuchira, ndipo chiyembekezo pachokha chimachepetsa ululu kwa kanthaŵi. Izi si zabodza kapena zamisala, ndi m'mene thupi la munthu lidapangidwira. Mu 1996 dokotala wa ku Paris, Jean-Yves Maigne, adabaya odwala 54 amene ankaoneka ngati akudwaladi mfundoyi. Pa ulendo woyamba 19 adapeza bwino. Atabaya 19 aja kachiŵiri tsiku lina, ndi mankhwala a mtundu wina, amene adapezanso bwino adali 10 okha. Nchifukwa chake madokotala osamala amabaya kaŵiri asanatsimikize. Bambo a ku Dedza, chimenechi chisungeni: ndi maulendo aŵiri a kuchipatala, osati umodzi, ndipo apo nkuti kuchiza kusanayambe.

Pano ndipatuke pang'ono, ndinene za chikondi chathu pa jekeseni. Kwathu kuno wodwala akapatsidwa mapiritsi okha amatuluka m'chipatala nkhope ili gwaa, amati sadamthandize. Akabayidwa amati lero ndiye ndalandira mankhwala. Tsono pali ena amene, pomva za jekeseni wa m'mfundo ya chiuno, adzayamba kubaya anthu pamsana m'tizipinda tao, akungopapasa ndi chala. Chenjerani nawo. Mu 2000, madokotala a ku Michigan adayesa kubaya mfundoyi popanda makina oonera, kenaka nkujambula kuti aone kumene mankhwala adapita. Adapeza kuti adaloŵa m'mfundo mwa odwala 22 okha pa 100 alionse. Ameneŵa adali akatswiri odziŵa mafupa, koma pa maulendo asanu adaphonya pafupifupi anai. Mfundoyi njokhotakhota, njobisika pansi pa fupa ndi mitsempha yochindikala. Jekeseni wobaya mongopapasa sangayankhe funso lililonse. Ndiponso jekeseni wa pathako amene maiwo alandira kangapo uja ndi wina: ameneyo ndi mankhwala opha ululu ongodzera m'nyama nkuyenda ndi magazi thupi lonse, ndipo ntchito yake siisiyana kwenikweni ndi ya mapiritsi.

Tsopano tifike pa kuchiza. Pamodzi ndi mankhwala a dzanzi aja, kapena pa ulendo wotsatira, dokotala amathira mankhwala ochepetsa kutupa, a gulu la steroid, monga triamcinolone kapena methylprednisolone. Mankhwala a gulu limeneli adayamba kutchuka mu 1948, pamene Philip Hench wa ku Mayo Clinic adapereka cortisone kwa mai wodwala nyamakazi yoopsa, ndipo pofika 1951 Joseph Hollander wa ku Philadelphia adali atayamba kubaya hydrocortisone m'mfundo zotupa. Mankhwalaŵa sagwira tsiku lomwelo, amatenga masiku angapo, mwina mpaka sabata. Akagwira, ena amapuma ululu kwa masabata oŵerengeka, ena miyezi, ena sapeza kusintha konse. Salumikiza mtsempha wolobodoka, satalikitsa mwendo waufupi, sabweza fupa loperepeseka. Amene amapindula koposa ndi aja mfundo yao ili yotupadi ndi nyamakazi.

Kwa ena onse, akatswiri sadamvane mpaka lero. Bungwe loona za malangizo a chithandizo ku England, lotchedwa NICE, lidalangiza mu 2016 kuti odwala msana wamba asamabayidwe majekeseni a pamsana. Mu 2025, gulu la akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana lidalemba m'magazini ya madokotala ya BMJ kuti, litaunika kafukufuku yense amene alipo, silidapeze umboni wokwanira wakuti majekeseni a m'mfundo za msana amaposa jekeseni wachabe, kwa odwala amene alibe khansa kapena nyamakazi yotupitsa mfundo, ndipo lidalangiza mwamphamvu kuti asamaperekedwe. Madokotala ambiri amene amabaya majekeseniŵa adatsutsa, nati gululo lidasakaniza odwala osiyanasiyana mumphika umodzi, ndipo wodwala wosankhidwa bwino amathandizika. Kuona kwanga nkwakuti mbali zonse zili ndi mfundo yomveka. Jekeseni angathe kumpatsa munthu mpata wa miyezi iŵiri kapena itatu woti alimbitse thupi lake popanda kukukuta mano. Koma amene akukulonjezani kuti singano imodzi ithetsa ululu wa zaka 2 mpaka muyaya, akunena zimene ngakhale akatswiri okonda jekeseniyu sanena.

Paja walira mvula walira matope. Mwendo ungathe kuchita dzanzi kapena kufooka kwa maola angapo ngati mankhwala atayikira pa mtsempha, choncho wobayidwa asayendetse galimoto kapena njinga tsiku limenelo. Pobayidwapo pamaŵaŵa tsiku limodzi kapena aŵiri. Wodwala matenda a shuga, shuga wake amakwera kwa masiku angapo. Womwa mankhwala osungunula magazi ayenera kunena poyambirira pomwe, ndipo mai woyembekezera sayenera kuima pa makina a ekisire popanda chifukwa chachikulu. Steroid wobwerezabwereza amafoola mafupa, nchifukwa chake madokotala salola kupitirira maulendo 3 kapena 4 pa chaka. Ndipo ukhondo wa mankhwalawo si nkhani yamaseŵera. Mu 2012, ku America komweko, methylprednisolone woipitsidwa ndi nkhungu, wochokera ku kampani ina ya ku Massachusetts, adadwalitsa anthu oposa 750 amene adabayidwa pamsana ndi m'mfundo, ndipo oposa 60 adamwalira.

Koma choopsa chimene chikutikhudza ife kuposa anthu a ku Boston kapena ku Paris ndi ichi. Chifuwa chachikulu sichikhala m'mapapu mokha. Chimaloŵa m'mafupa a msana, chimaloŵanso m'mfundo yomweyi ya chiuno, ndipo chimadya pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu osatsokomola nkomwe. Palinso matenda a brucellosis, amene amachititsa ng'ombe ndi mbuzi kupoloza, ndipo amafika kwa munthu kudzera mu mkaka wosaŵiritsa kapena pogwira zotuluka m'chiŵeto chimene chapoloza. Matenda ameneŵa amaikonda kwambiri mfundo imeneyi. Kuwonjezera apo, madokotala a ku Lusaka adalemba mu 1998 kuti nyamakazi ya m'mfundo ndi msana, imene kale idali yosoŵa pakati pa anthu a kuno, idachuluka pamodzi ndi kachilombo ka HIV. Tsono steroid ntchito yake ndi kufoola chitetezo cha thupi pamalo pamene wathiridwa. Kumthira m'mfundo imene muli tizilombo ta chifuwa chachikulu kuli ngati kumanga agalu usiku umene fisi waloŵa m'khola. Ululu udzayamba wachepa, wodwala nkuthokoza, koma m'kati mafinya akuchuluka. Pamene chifuwa chachikulu cha m'mafupa chikadziŵika msanga chimachizika ndi mapiritsi, amene m'zipatala za boma amaperekedwa ulere.

Nchifukwa chake ndikupempha aliyense amene msana ukumuŵaŵa ndipo akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, akuwonda popanda chifukwa, kapena ululu ukumdzutsa pakati pa usiku ngakhale atagona bwino, kuti asaganize za jekeseni, athamangire kukayezetsa. Ndipo amene miyendo yayamba kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikumpulumuka, kapena wachita dzanzi pakati pa miyendo, ameneyo asadikire kuti kuche kaŵiri.

Tibwerere ku Dedza. Bambo, malongosoledwe a m'kalata mwanu akufanana ndithu ndi vuto la mfundo imeneyi: mbali imodzi, m'munsi mwa chiuno, chiyambire uchembere. Koma ine sindidaŵaone maiwo, ndipo wailesi siyeza wodwala. Yankho langa nlakuti ng'ombe zibakhala m'khola. Pitani nawo ku chipatala cha boma, mukapemphe kuonana ndi a za mafupa. M'zipatala za m'maboma muno m'Malaŵi muli madokotala othandiza amene adaphunzira za mafupa mwapadera, ndipo kuyesa kwa manja kuja ndi ntchito imene ingachitike pabedi lililonse la chipatala. Maiwo akaloze ndi chala chimodzi. Akanene ngati amatentha thupi, ngati pakhomo padadwalapo wina chifuwa chachikulu, ngati mumamwa mkaka wosaŵiritsa, popeza ndinu oŵeta ng'ombe. Akavomere kuyezedwa magazi.

Zoopsa zija zikapanda kupezeka, pemphani kuonana ndi a zolimbitsa thupi, kuti aŵaphunzitse kulimbitsa nyama za m'mimba, za m'matako ndi za m'ntchafu, zimene zimathandiza kugwira mfundoyo. Amai athu adazoloŵera kumanga chitenje pamimba akachira. Pa vuto ili lamba kapena chitenje chopinda chimangidwe m'munsi, mozungulira mafupa a chiuno, osati pamchombo. Pogona aike mtsamiro pakati pa maondo. Asamaberekere mwana pambali, asamaimire mwendo umodzi potsuka mbale kapena posinja. Ndipo kunena mosabisa, bambo, mtsuko wa madzi ndi mtolo wa nkhuni zipeze wina wosenza kwa miyezi 3. Mankhwala ameneŵa ali m'manja mwanu, ndipo sakulira ng'ombe.

Miyezi 3 ikatha popanda kusintha, a kuchipatala angakutumizeni ku chipatala chachikulu, kumene akatswiri a mafupa adzaone ngati jekeseni akufunika. Ndipo ngati mudzasankhebe za ku Johannesburg, alamu anu ayambe afunsa dokotalayo asanagule tikiti ya basi: kodi adzabaya akuona pa makina? Kodi jekeseniyo ngwoyezera kapena ngwochizira, ndipo adzafunika maulendo angati? Kodi adzayamba ayeza chifuwa chachikulu? Nanga ululu ukadzabwerera maiwo ali kale kumudzi, chotsatira nchiyani, ndipo mtengo wake ndi wotani? Mayankho ake mudzatilembere, tidzaŵaŵerenga pamodzi pa wailesi pano.

Nthaŵi yatithera. Sabata yamaŵa tidzayankha kalata ya mphunzitsi wina wa ku Mzimba, amene akufunsa za dzanzi la m'manja. Tsalani bwino nonse.